Msonkhano weniweni wa makolo umachitikira ku msika

Nthawi inali isanakwane 9 koloko m'mawa, koma pa msika wa Nkhata Bay dzuwa linali litayamba kale kuwamba malata. Usiku wapitawo kunalibe mwezi, a chilimira anabwera ndi usipa wosaneneka, ndipo wodziwa nyanja aliyense akudziwa zimene zimatsatira: mtengo umagwa ola ndi ola, wochedwa kugulitsa amaweruka ndi nsomba zophulika mimba ndi ngongole pamwamba. Mayi wina amene ndimagulako ndiwo kawirikawiri anali kalikiliki kuika usipa m'milu, dzanja lina likuingitsa ntchentche. Kenaka panatulukira mnyamata wa zaka ngati 11, yunifolomu ili m'thupi, makope ali m'jumbo. Ankayankhulana m'Chitonga, ine ndingotembenuza.

"Ama, akuti ndisalowe m'kalasi mpaka mubwere."

"Walakwanji?"

"Kaya."

"Ndi za ndalama?"

"Kaya. Angoti kaitane makolo ako."

Mayiyo anayang'ana beseni, nayang'ana mwana, kenaka anayang'ana ine ngati ndine ndamutuma. "Ada, ndisiye usipa wonsewu kuti ndikamve kaya?"

Sanapite. Mnyamatayo anakhala kuseri kwa beseni nalandira ntchito yoingitsa ntchentche. Masana ndinamuona kudoko akusambira ndi anzake, yunifolomu ataiyanika pamwala. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Tsiku lachinayi, nsomba zitachepako, mayi uja anasiyira mnzake benchi napita. Mlandu unali woti mwanayo wakhala akujomba. Tamvetsani bwino pamenepa: mwana wolakwa chifukwa chosabwera ku sukulu anapatsidwa chilango chosabwera ku sukulu masiku ena atatu.

Ndatopa nayo nyimbo yoti makolo a kunyanja kuno sasamala za maphunziro. Imaimbidwa m'maofesi, m'misonkhano ya mabungwe, ngakhale pa maliro wina akapatsidwa mpata woyankhula. Ine ndikuti sukulu zathu zambiri siziyankhulana ndi makolo ayi. Zimangowaitanitsa, ndipo zimawaitanitsa pa zifukwa ziwiri zokha, ndalama ndi mlandu. Funsani amayi a pa msika uno kuti ndi angati amene anaitanidwapo kukauzidwa kuti mwana wawo wayamba kuwerenga bwino. Akusekani. Kholo likamva kuti akukufunani ku sukulu, mtima umagunda ngati laitanidwa ku polisi, ndipo munthu woitanidwa ku polisi amapita atakonzeka kukana kapena kupepesa. Kukambirana kulibe m'mutu mwake.

Ndiye taonani mthenga amene timatuma. Ndi wolakwa yemweyo, mwana wa zaka 11, wamantha, amene akudziwa kuti akanena zoona kunyumba kukagwa mkwapulo. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Uthenga umachoka mu ofesi ya ahedi uli wathunthu, umafika pa benchi la usipa utasanduka kaya.

Amene amati anthu a kuno sakonda sukulu ayambe akaona ku Bandawe. Mishoni ya Livingstonia itasamuka ku Cape Maclear mu 1881 inadzakhazikika kumeneko, ndipo Atonga anailandira sukulu ndi manja awiri, mafumu akulimbirana kuti m'mudzi mwawo mukhale mphunzitsi. Pamene Robert Laws ankasamutsira likulu la mishoniyo ku Khondowe mu 1894, ana a m'mbali mwa nyanja muno anali atadzaza kale m'makalasi. M'dera lomwelo munachokera Clements Kadalie, amene anakayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919 nagwedeza South Africa yense. M'boma lino munachokera Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda wa Nyasaland, amenenso anali mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party mu 1959. Makolo a anthu amenewa ankadya kondowole yemweyu, ankapalasa mabwato omwewa. Palibe anawachitira msonkhano wowaphunzitsa ubwino wa sukulu. Ngati zidzukulu zawo lero zikuyang'ana sukulu ndi diso la kumbali, pali chimene chinasweka panjira.

China mwa zimene zinasweka ndingachiloze ndi chala. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, sindidzachinyoza mpaka kalekale. Koma mawu oti ulere anafika kumudzi okha, opanda womasulira. Kholo linamva kuti sukulu tsopano ndi ya boma, ilo lisambe m'manja. Posakhalitsa ana anayamba kubwera ndi timauthenga: ndalama ya chitukuko, ya mlonda, ya malipoti, yosindikizira mayeso, ya mphunzitsi wothandizira, ndipo Loweruka amayi anu abwere kudzatuta mchenga. Zambiri mwa zimenezi zinali zofunikadi, chifukwa makalasi sanali okwana ndipo aphunzitsi anali ochepa. Koma ndani anakhala pansi ndi kholo kulifotokozera kuti ulerewu ukuyambira apa nkuthera apa? Wailesi inkati ulere, mwana ankati ndalama. Kholo linaganiza chimene munthu aliyense wanzeru angaganize, kuti pakati penapake pali wina akudya.

Papepala zonse zilipo. Pali komiti ya sukulu, pali PTA, pali amayi a Mother Group. Mu 2004 unduna wa zamaphunziro unatulutsa ndondomeko yonse ya momwe anthu a m'midzi azitengera mbali pa kayendetsedwe ka sukulu za pulayimale. Pali ndalama zimene boma limatumiza ku sukulu iliyonse, aphunzitsi amazitcha SIG, zoyenera kugwiritsidwa ntchito potsata mapulani amene makolo ndi sukulu apangira limodzi. Wowerenga mapepalawa ku Lilongwe angaganize kuti kholo la ku Mpamba kapena ku Chintheche ndi bwana pa sukulu yake.

Ine ndinakhalapo mlembi wa PTA pa sukulu ina ya pulayimale m'boma lino kwa zaka ziwiri, choncho zimene ndinene apa ndikudziulula ndekha. Msonkhano woti uyambe 8 koloko unkayamba 11 koloko, podikira alendo olemekezeka. Kutsogolo kunkaikidwa tebulo lofundidwa nsalu, mipando ya ahedi, mafumu, wapampando, msungichuma ndi ine. Makolo ankakhala pansi patsinde pa mtengo wa mango, pafupifupi onse amayi ndi agogo, ena ali ndi ana kumsana, ena mabeseni ali pambali poti achoka molunjika kunyanja. Pemphero, malonje, kudziwitsana mayina a onse a patebulo, ola lathunthu. Kenaka ahedi ankaimirira nkuyankhula ola lina, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, zambiri zodandaula: ana anu akujomba, ana anu akuchedwa, ana anu alibe mwambo. Msungichuma ankawerenga ndalama mothamanga ngati kondakitala woitanira minibasi ya ku Mzuzu. Akatha, wapampando amafunsa, "Pali funso?"

Zii.

Tsiku lina mkulu wina anakweza dzanja, anavula chipewa, nafunsa mwaulemu kuti matumba a simenti amene tinasonkherana chaka chatha anagwira ntchito yanji, poti chimbudzi chija chidakali pa maziko. Wapampando anamwetulira. "Ada, nkhani imeneyo siili pa ndondomeko ya lero." A patebulo tinaseka pang'ono. Mkuluyo anavala chipewa chake nakhala pansi, ndipo sindinamuonenso pa msonkhano wina uliwonse. Kenaka panabwera funso lomaliza, "Ndiye tagwirizana?" Anthu anati eee, mawu otopa a anthu amene akhala pansi maola asanu ndipo kunyumba moto sunakolezedwe. Ine ndinalemba m'buku ndi dzanja langa kuti makolo onse agwirizana.

Mawa lake ndinapita ku msika kukagula tomato. Amayi omwe aja, amene dzulo analibe funso ngakhale limodzi, anali ndi msonkhano wawo pakati pa milu ya chinangwa ndi nthochi. Ankadziwa mtengo wa thumba la simenti ku Mzuzu, ankadziwa mtengo wolinyamulira, anawerengera ana a pa sukulupo nkuchulukitsa ndi ndalama imene aliyense anapereka, m'mutu, opanda cholembera. Anthu ogulitsa usipa musawanamize pa masamu. Ankatchula kuti matumba angati anafika, angati anauma ndi mvula m'kalasi yodontha, ndipo angati anawaona akutsitsidwa kunyumba kwa uje usiku. Zina mwa zimenezi zinali zoona, zina zinali miseche chabe, ndipo panalibe munthu wa ku sukulu woti alekanitse. Atandiona anasintha nkhani, nayamba kunena za mvula.

Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti PTA ili ndi misonkhano iwiri. Wa patsinde pa mango uli ndi buku koma mulibe maganizo a makolo. Wa ku msika ulibe buku, koma ndi umene umagamula ngati ndalama iperekedwe kapena ayi, ngati mphunzitsi uje ndi munthu kapena chilombo, ngati mtsikana uje abwerere ku sukulu. Ahedi amene amatenga chete wa makolo ngati kuvomereza amadzadabwa sabata yotsatira ana 20 okha atabweretsa ndalama. Amati makolo a kuno ndi ouma mitu. Chikhalirecho makolowo anakana kale, kungoti anakanira kumene iwo kunalibe.

Nanga makolo amakhaliranji chete patsinde pa mango? Choyamba ndi tebulo lija. Munthu wokhala pa dothi safunsa wokhala pampando pamaso pa mafumu, makamaka akakhala mayi. Chachiwiri ndi mantha oti akafunsa kwambiri mwana wake akaona zakuda m'kalasi. Mantha amenewa kaya ndi oona kaya ayi, alipo, ndipo palibe mphunzitsi amene ndinamumvapo akuwachotsa poyera. Chachitatu, chimene timachinyalanyaza kwambiri, ndi chiyankhulo.

Kuno anthu amaganiza, kukangana ndi kulira m'Chitonga. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo ziyankhulo za dziko, zina zonse zinatuluka m'makalasi ndi pa wailesi. Mu 1996 unduna unalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku ake sanaoneke. Lamulo la maphunziro la 2013 linati chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi. Za m'kalasi tidzakangana tsiku lina. Funso langa ndi loti, ndani analamula kuti msonkhano wa makolo nawonso uzichitika m'chiyankhulo cha mayeso? Baibulo la Chitonga lilipo, abusa amalalikira m'Chitonga, MBC imawerenga nkhani m'Chitonga. Gogo amene ku tchalitchi amatha kuimirira nkutsutsa mkulu wa mpingo, pa sukulu amasanduka bubu chifukwa akuopa kuthyola Chichewa ana nkumuseka. Inde ndikudziwa, nanenso ndikulemba m'Chichewa. Nyuzi ndi ya dziko lonse, koma msonkhano wa pa sukulu ndi wa mudzi umodzi. Mphunzitsi wochokera ku Dedza kapena ku Thyolo sanalakwe potumizidwa kuno. Koma akatha zaka zisanu osadziwa kunena "mwe uli" kapena "yewu", walakwa. Ndipo ngati ahedi sadziwa Chitonga, pa sukulu iliyonse pali mphunzitsi kapena wa komiti woti atanthauzire. Sizitengera ndalama.

Lipoti nalo ndi lomwelo. Kumapeto kwa teremu mwana amabwera ndi kapepala, manambala m'mabokosi, pansi pake mawu awiri a Chingerezi a inki yofiira omuuza kuti alimbikire. Alimbikire pati? Gogo amangofunsa kuti wakhala nambala chani. Mwana akati nambala 15, gogo amalulutira, osadziwa kuti mdzukuluyo ali Sitandade 4 koma satha kuwerenga chiganizo chimodzi. Adzadziwa akadzalephera mayeso a Sitandade 8, MANEB ikadzatulutsa mayina, madzi atatayika kale.

Ndatchula gogo mobwerezabwereza dala. Sukulu ikamati kaitane makolo ako, ikuitana ndani? M'boma lino nyumba zambiri bambo ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, mayi mwina ali ku Dar es Salaam, ana ali ndi agogo, azakhali kapena mlongo wamkulu amene nayenso ali Fomu 2. Ulendo wa ku Joni si wachilendo kuno, unalipo kale m'nthawi ya a Kadalie omwe aja. Koma kaundula wa sukulu amalembabe dzina la bambo amene sanaponde pa bwalolo zaka zisanu, osalemba dzina la munthu amene amamudzutsa mwanayo m'mawa.

Pano makolo anzanga musayambe kuwomba m'manja, chifukwa nanunso ndili nanu mawu. Bambo wa ku Joni amaimba foni pa WhatsApp sabata iliyonse. Amadziwa kuti nyumba yafika pa lintala, amadziwa malata angati agulidwa, amafuna chithunzi cha risiti. Mufunseni kuti mwana wake ali sitandade chani, ayamba kuwerengera zala. Amatumiza foni yamakono ndi nsapato zodula, mwana nkumaona kuti sukulu ndi malo ongodikirirapo pasipoti. Nambala ya mphunzitsi wa mwana wake alibe, ndipo sanaifunsepo. Abambo amene ali pompano nawo msonkhano wa sukulu amati ndi wa azimayi, iwo ali pa bawo. Amaoneka tsiku limodzi lokha, pamene mwana wabwera akulira kuti aphunzitsi andimenya. Pamenepo ndiye amabwera malaya ali pa phewa, kutukwana kuyambira pa msewu, ana onse akumva pa mawindo. Ena amafika poopseza kuti tiona ngati mugone m'nyumba imeneyo. Kumenya mwana nkolakwa ndipo nkoletsedwa, kholo lili ndi ufulu wonse wodandaula. Koma mwana amene waona bambo ake akutukwana aphunzitsi pabwalo sadzamveranso mphunzitsi aliyense, ndipo tsiku lina sadzamveranso bambo akewo. Palinso ife amene timati mwana ndi wanu aphunzitsi, mumuwongole, kenaka usiku timamukweza bwato kukagwira nyali, m'mawa nkumadabwa kuti akusinza m'kalasi. Ndipo komiti timasankha bwanji? Timasankha wolemera, kapena mbale wa amfumu, kapena woyankhula Chingerezi. Mayi uja wowerengera simenti m'mutu palibe amamutchula.

Aphunzitsi nawo ali ndi yankho, ndipo ndi lomveka. Munthu mmodzi, ana oposa 100, ena pansi pa mtengo. Nyumba alibe, amachita lendi kutali. Amene ali ku Usisya kapena ku Ruarwe ulendo wongobwera kuno ku boma umawadyera masiku. Ndiye mukuti alembere kalata kholo lililonse? Ayendere nyumba 100? Sindikutero. Koma sindikuvomeranso kuti kuchuluka kwa ntchito ndiko kumachititsa munthu kusapatsa mpando mayi amene walowa mu ofesi, kapena kumukalipira mwana wake ali pomwepo, kapena kuyamba ndi mawu oti "inu makolo a masiku ano". Kuthamangitsa mwana sikupeputsa ntchito. Lamulo la 2013 lomwe lija limati mwana aliyense ayenera kukhala pa sukulu ya pulayimale, ndipo unduna wakhala ukubwereza kuti mwana asabwezedwe chifukwa cha ndalama kapena yunifolomu. Amabwezedwabe, chifukwa mwana ndiye chikole chosavuta kugwira.

Wina anena kuti pakufunika maphunziro a luso loyankhulana. Ndawaonapo maphunziro oterewa. Amachitikira m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, masiku atatu, mapepala akuluakulu omata pakhoma, nkhomaliro ya chambo, alawansi pomaliza. Opitako ndi ahedi ndi wapampando, anthu a patebulo omwe aja. Amabwerako ndi mawu atsopano a Chingerezi oti akawonjezere pa ola lija. Ndalama imeneyo bola kugulira choko.

Amene akufuna kuphunzira kuyankhula ndi anthu adzakhale pa msika uno m'mawa umodzi. Pano palibe amene amagula beseni la usipa asanalowetse dzanja mpaka pansi, ndipo wogulitsa amene amakwiya ukagwira nsomba yake timadziwa kuti pansi waika zadzulo. Ndalama za sukulu zikhale choncho. Zolowa ndi zotuluka zilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu pakhoma la panja loyang'ana ku msewu, malisiti akhale poti kholo lililonse lingawagwire. Panopa pepala lotere, kumene lilipo, limamatidwa mkati mwa ofesi ya ahedi, momwe kholo limalowamo pa mlandu pokha. Ahedi oona mtima, ndipo alipo ambiri, ndi amene angapindule kwambiri, chifukwa lero akunenedwa pamodzi ndi akuba popanda powayeretsera.

Pano wogulitsa amadziwa nthawi ya makasitomala ake. Sukulu nayo idziwe nthawi ya makolo ake. Msonkhano wa m'mawa, nsomba zikutsika m'mabwato, ndi msonkhano woitanira anthu kuti asabwere. Tsiku limene Ilala yaima pa doko, tauni yonse ili pa malonda. Mukufuna abambo? Yang'anani kumwamba. Mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, asodzi amakhala pamtunda akusoka maukonde. Kalendala imeneyo mwana aliyense wa kuno amaidziwa, ndi sukulu yokha imene sinaimvepo. Ndipo tebulo lija lichoke. Makolo a kalasi imodzi akumane ndi mphunzitsi wa kalasi imeneyo, anthu ochepa, ola limodzi, makope a ana ali m'manja. Kholo losatha kuwerenga limatha kuona kusiyana kwa kope lodzaza ndi kope loyera.

Pano wogulitsa wanzeru amaika basela. Sataya kanthu, koma mawa umabweranso kwa iye. Mphunzitsi amene anabweza mnyamata uja ndikukhulupirira kuti amagula ndiwo pa msika womwe uno, poti wina kulibe. Mwina amadutsa pa benchi la mayi uja madzulo aliwonse osadziwa kuti ndi mayi wa mwana wa m'kalasi mwake. Akanadziwa, zikanatenga mphindi ziwiri: "Ama, mnyamata wanu masamu amawatha, koma sabata ino sindinamuone kawiri. Kwagwanji?" Kholo limene lamvapo chabwino kamodzi kuchokera kwa mphunzitsi limabwera lokha tsiku la choipa. Komwe msika uli kutali, foni ilipo. Nyumba zambiri zili ndi foni ya mabatani, yomwe amalandirira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba. Poyamba chaka, kaundula alembe dzina ndi nambala ya amene akukhala ndi mwanayo, ndipo mwana asatuluke pa geti munthu ameneyo asanaimbiridwe.

Kuti zimenezi si maloto, taonani amayi a Mother Group. Alibe ofesi, alibe tebulo, ambiri sanafike patali ndi sukulu. Mtsikana akasowa m'kalasi sabata imodzi, iwo samutumira uthenga. Amamanga chitenje nkupita kwawo, nkukhala pa mphasa ndi mayi ake kapena agogo ake, nkuyamba ndi malonje, za matenda, za chinangwa, kenaka pang'onopang'ono nkufika pa nkhaniyo. Ndondomeko yolola mtsikana wobereka kubwerera ku sukulu ilipo kuyambira 1993, koma makolo ambiri anaimva koyamba pakamwa pa amayi amenewa, osati pa msonkhano wa patsinde pa mango. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, kwa miyezi yambiri ulalo wokhawo pakati pa sukulu ndi nyumba, umene uli mwana, unaduka. Atsikana ochuluka m'dziko muno anatenga mimba kapena kukwatiwa. Amene ankadziwa khomo loti agogode pofuna kuwabweza anali amayi omwewa, chifukwa ndi okhawo amene ankadziwa kale kumene ana amagona. Timawathokoza pa misonkhano, koma sitiwatsanzira.

Patapita sabata ziwiri chibwezereni mnyamata uja ku sukulu, ndinapitanso kwa mayi wa usipa uja, ndipo ndinamufunsa momwe zinayendera ku ofesi. Anati anaima chiimire, aphunzitsi anatsegula kaundula namuonetsa mizere ya masiku amene mwana sanabwere, namuuza kuti akapanda kusamala dzina lifufutidwa. Anapepesa natuluka. Ndiye anandifotokozera zimene zimachitika. Bambo wa mwanayo anapita ku Joni zaka zitatu zapitazo, chaka choyamba ankatumiza, kenaka foni inasiya kulowa. Tsiku limene usipa wagwa wambiri, mnyamatayo ndiye amasenza mabeseni kuchoka kunyanja kufika pa msika m'bandakucha, chifukwa akalemba wonyamula phindu lonse lithera pomwepo. Akamaliza amasamba nkuthamangira ku sukulu, koma amapeza belu litalira, ochedwa akupatsidwa chibalo chotchetcha. Masiku ena amalimba mtima. Masiku ena akaona zikwanje ali patali amabwerera.

"Munawauza aphunzitsi zimenezi?"

Anandiyang'ana, manja ali m'beseni. "Sanandifunse, ada."

Anandikulungira usipa m'pepala, naikapo basela, nayamba kuitanira kasitomala wina. Mnyamatayo tsiku limenelo anali ku sukulu. Mwezi unali ukuwala sabata imeneyo.